Singano ya patsaya: ndinabayidwa kawiri, makina awiri osiyana

Chithandizo ichi, cholowetsa singano patsaya n'kukatentha mtsempha wa nkhope kuti ululu uleke, ndachilandira kawiri pa tsaya limodzi lomwelo, lakumanja, ndiye ndikuona kuti ndingathe kuchiika pa sikelo. Koyamba adokotala ankatsogoleredwa ndi ekisire ija yoonetsa chithunzi pompopompo, makina ake opindika ngati chilembo cha C, amene iwo amangoti C-arm. Kachiwiri, patapita zaka pafupifupi zitatu, anagwiritsa ntchito CT, makina ojambula mkati mwa thupi m'zigawozigawo. Kwa inu okonda kugamula ndi nyenyezi, pa zisanu ulendo woyamba ndaupatsa zitatu, wachiwiri zinayi. Yachisanuyo ndawamana dala.

Ine ndine kalipentala, ndili ndi zaka 61. Matenda anga ndi trigeminal neuralgia. Dokotala wa ku France, Nicolas André, anawatcha tic douloureux mu 1756 poona mmene nkhope ya wodwala imakwinyikira ululu ukamenya, ndipo ndikumuvomereza kuti anaona bwino. Tangoganizani waya wamagetsi wosenda akukugundani pa nsagwada, masekondi khumi, makumi awiri, kenako zii ngati palibe chachitika. Ukapumako pang'ono, uyo wabweranso. Choyambitsa chake n'chochititsa manyazi kuchitchula: lezala, mswachi, kamphepo kolowera pawindo, liwu loyamba ndi "m". Ndinasiya kumeta mbali imodzi. Mano awiri abwinobwino ndinawazulitsa ndikuyesa kuti ndiwo adani, ululu n'kutsala pomwepo ukundiseka.

Mankhwala a carbamazepine anandigwira bwino zaka ziwiri zoyamba. Kenako mlingo unayamba kukwera mpaka unafika mamiligiramu 1200 patsiku, ine n'kumayenda ngati chidakwa, mzere wa pensulo pathabwa n'kumauona pawiri. Munthu woona pawiri sayenera kuyandikira sowo. Atandiyeza magazi anapezanso kuti sodium, mchere wa m'magazi, watsika, zomwe mankhwalawa amachita kwa ena. Pali opaleshoni yotsegula kuseri kwa khutu n'kusuntha mtsempha wamagazi umene ukutsamira pa mtsempha wa nkhope, imene dokotala Peter Jannetta anaitchukitsa kuyambira mu 1967, ndipo ndiyo imakhalitsa kwa ambiri. Koma MRI yanga, chithunzi cha mkati mwa mutu, sinaonetse bwino mtsempha wotsamirawo, komanso mtima wanga si wogona nawo maola ambiri m'thiyeta. Tinagwirizana za singano.

Kuti mumvetse chifukwa chake chithunzi chili nkhani yaikulu chonchi, muyenera kudziwa kumene singanoyo ikupita. Mtsempha wa trigeminal uli ndi nthambi zitatu: ya pamphumi ndi diso, ya patsaya ndi mlomo wam'mwamba, ndi ya nsagwada yam'munsi. Zitatuzi zimakumana pa kamfundo kotchedwa Gasserian ganglion, kamene kali mkati mwa chigaza, m'kathumba kotchedwa phanga la Meckel. Khomo lolowera kuchokera kunja ndi kabowo ka pansi pa chigaza, foramen ovale, kotalika mamilimita 7 kapena 8, m'lifupi cha m'ma 4. Pensulo wamba sangalowemo. Njira yake anaifotokoza dokotala wa ku Germany, Fritz Härtel, mu 1912, ndipo mpaka lero akulembabe madontho ake atatu pankhope: limodzi masentimita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pa ngodya ya mlomo, pamene singano imalowera; lina pansi pa diso; lina masentimita atatu kutsogolo kwa bowo la khutu. Singano imalowa pa loyambalo italoza awiri enawo, n'kuyenda masentimita 6 kapena kuposerapo m'mnofu isanagunde pansi pa chigaza.

Pa ntchito yanga ndimadziwa tanthauzo la kuboola thabwa lochindikala kuchokera mbali ino kuti ukatulukire pa kadontho ka mbali inayo. Ukapendeketsa dirilo pang'ono chabe poyamba, kumapeto waphonya ndi chala chathunthu. Kusiyana kwake n'kwakuti thabwa ukaphonya umalitaya. Apa ukaphonya, anansi a kabowoka ndi oopsa. Chapafupi pali carotid, mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo. Kumbuyo pang'ono kuli kabowo kena, foramen spinosum, kodutsa mtsempha wina wamagazi. Ukakweza kwambiri singano ingalowere kumng'alu wopita kuseri kwa diso. Ndiye chifukwa chake masiku ano sabaya mongodalira madontho a Härtel, amafuna kuona.

Ulendo woyamba anandigoneka chagada, mutu ataupendeketsa chammbuyo, chibwano chili m'mwamba. Onse m'chipindamo anavala zovala zolemera za mtovu, ine ndekha nkhope ili pamtunda. C-arm ija ankaizunguza uku ndi uku kufunafuna pamene kabowoka kangaonekere, pakati pa mthunzi wa nsagwada ndi fupa lolimba la kukhutu. Ndikuti mthunzi chifukwa ekisire yamtunduwu ndi mthunzi basi. Mafupa onse, akutsogolo ndi akumbuyo, amasanjikizana pa chithunzi chimodzi chathyathyathya, ngati mipando khumi utaiunjika n'kuiunika ndi tochi pakhoma, kenako wina akuuze kuti loza mwendo wa mpando wachinayi. Diso lozolowera limaloza ndithu. Pa anthu ambiri kabowoka kamaoneka msanga ngati kadontho koyererako. Pa ine kanabisala.

Adokotala anaika chala chimodzi m'kamwa mwanga, kuti singano isaboole n'kutulukira mkati n'kutenga tizilombo ta m'kamwa kupita nato kuubongo. Ichi anandiuziratu, ndipo ndinayamikira. Kenako mankhwala oyera ngati penti, propofol, analowa pamkono, ine tulo. Tulo take n'tatifupi, mphindi zochepa, chifukwa amafuna uzidzuka. Ndikukumbuka kudzuka ndikumva kanthu kakukhula pafupa mkati mwa mutu, phokoso lomvekera m'mano osati m'makutu, ndi mawu a munthu akuti "fupa, bwezani pang'ono." Tulo. Kudzukanso, mawu omwewo. Pambuyo pake anandiuza okha, osabisa, kuti anakhoza kulowa atayesa maulendo asanu. Pamene singano inapyola kabowoka mtima wanga unatsika liwiro mwadzidzidzi, zimene zimachitika mtsempha umenewu ukakhudzidwa, ndipo dokotala wogonetsa anali atakonzeratu atropine, mankhwala okweza liwiro la mtima, m'jakisoni. Sindinaone zimenezo. Anandiuza mwana wanga wamkazi, amene anazimva kwa anesi.

Zonse zinatenga ola ndi mphindi 40. Tsaya linatupa ngati ndamenyedwa, linada masiku khumi. Koma madzulo a tsiku lomwelo ndinatsuka mano ndikulira, osati ndi ululu. Zaka ziwiri ndi miyezi 9 ndinakhala munthu.

Mbali ina ya ulendo woyambawu ndinaipeputsa nthawi imeneyo, ndaizindikira mochedwa. Singano italowa, anandidzutsa bwinobwino, anadikira mpaka nditatchula dzina langa ndi tsiku la sabata. Kenako analowetsa kamagetsi kochepa kwambiri pansonga ya singano, kamene kamanyerenyetsa, n'kufunsa: "Bambo, mukumva pati? Musafulumire. Lozani ndi chala." Ndinaloza mlomo wam'munsi. "Ndi pamene pamakupwetekani?" Ndinati ayi, pamwambako pang'ono, cha pa nkhama za mano am'mbali. Anasuntha singano kamtunda kosaoneka ndi maso. "Nanga pano?" Tinachita zimenezi kanayi kapena kasanu, mpaka kunyerenyetsako kunagwera ndendende pa malo a mdani wanga. Pamenepo m'pamene anandigonetsanso n'kutenthetsa nsonga ya singano, madigiri cha m'ma 70 kwa mphindi imodzi. Njira yotentha moyeza chonchi, wodwala akuthandiza kuloza, anaikhazikitsa madokotala William Sweet ndi James Wepsic mu 1974. Atandidzutsa anandibaya ndi kaphini patsaya lino ndi linalo kuyerekeza, ndipo anagunditsa kathonje padiso kuona ngati ndikuphethira. Diso likachita dzanzi limatha kuvulala mwini osamva, ndiye kathonjeko si masewera.

Ululu utabwerera, unabwera mwaulemu sabata yoyamba, kenako monga kale. Izi sindiwerengera munthu mlandu, anandichenjeza kuti mtsempha umaphukanso ndipo ambiri amabwerera. Nditatchula za maulendo asanu aja, adokotala a ulendo uno anati tichite pa CT. Ndinadikira masabata 7, poti makinawo ndi omwenso amajambulira odwala ena onse ndipo nthawi yake n'njolimbirana. Masabata 7 pa matenda awa ndi chaka. Ndinaonda, lamba ndinaboolanso mabowo awiri. Chimenecho ndi choipa choyamba cha CT, ndipo sichichepa.

Chabwino chake ndinachiona ndisanabayidwe n'komwe. Anayamba andijambula mutu wonse, ndipo mayi amene amayendetsa makinawo, ataona kuti ndikusuzumira, anatembenuza sikirini. Akanatha kungondisiya. CT si mthunzi. Ili ngati kutenga chipika n'kuchicheka timapepala topyapyala, osakwana milimita imodzi, n'kumayang'ana kalikonse pakokha, kenako kompyuta n'kutimatanso kuti chigaza chiime chathunthu, uzichitembenuza mmene ukufunira. Anachitembenuza chapansi. Kumanzere kabowo kanali poyera, kooneka bwino. Kumanja, mbali yangayo, panali kamtanda ka fupa kopingasa pakhomo pake. Adokotala anati kanali kamnofu kolimba kolumikiza mafupa awiri, kamene mwa anthu ena kamasanduka fupa, dzina lake pterygoalar bar. Ndinaseka, ngakhale kuseka kunali koopsa tsiku limenelo. Ndi mfundo ya m'thabwa imeneyo. Msomali ukagunda mfundo umapindika, ulibe mlandu ndi mmisiri kapena hamala. Zaka zitatu ndinkasunga kakukhosi ndi dokotala woyamba uja, ndikuyesa kuti dzanja lake linali losakhwima. Munthu uja anapeza khomo lotchingidwa theka akungoona mthunzi. Ndinamukhululukira pomwepo, ndili chigonere pa tebulo la eni.

Pa sikirini anajambula mzere kuchokera pa kabowo, kuzemba kamtandako, mpaka kutulukira pakhungu. Malo olowera anasunthira mamilimita angapo kuchokera pa dontho la Härtel. Kuwala kofiira kwa leza kunagwa patsaya langa, iwo n'kulemba ndi cholembera. Monga mmisiri, mtima wanga unakhala pansi. Anayeza asanadule.

Tsono apa pali zimene palibe anandiuza, ndipo ndikuzilemba kuti inu musadzidzimuke ngati ine. CT yamtundu umene anagwiritsa ntchitowu sionetsa singano ikuyenda. Amalowetsa pang'ono, n'kuisiya ili chiimire patsaya, onse n'kutuluka kukaima kuseri kwa galasi, tebulo n'kukulowetsa m'chibowo cha makina, makina n'kulira, tebulo n'kutuluka, iwo n'kubwerera, kukonza, kulowetsanso pang'ono. Mutu anali ataumata ndi tepi pamphumi. Mankhwala ogonetsa anali opepuka pa gawo limeneli. Ndinatsegula maso nthawi ina ndili ndekhandekha m'chipinda chozizira, chitsulo chotalika ngati chala chili njo pansi pa diso langa, anthu onse kulibe. Ndinayesa kuti chalakwika china ndipo athamangira kukaitana wamkulu. Mawu anatuluka pa sipika: "Musagwedezeke, bambo, musameze." Munthu ukauzidwa kuti usameze, malovu amadzadza pakamwa nthawi yomweyo. Chiganizo chimodzi chokha asanayambe, chakuti tizituluka n'kumabwera, musaope, chikanandipulumutsa ku mantha amene ndimawalotabe. Amatuluka pothawa cheza cha makinawo, poti iwo amakhala nacho tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo n'zomveka. Inenso ndinalandira cheza pa kujambula kulikonse, ndinawerenga maulendo anayi. Pa msinkhu wanga sindinachite nazo mantha kwenikweni, koma wachinyamata afunse.

Singano inalowa ulendo umodzi. Palibe kukhula pafupa, palibe kutupa, kachidontho kokha ngati kolumidwa ndi udzudzu. Kuchokera pobaya khungu mpaka kulowa pa kabowo sipanathe mphindi 15. Pa ntchito yopeza khomo, CT yapambana kutalitali, makamaka kwa munthu wa chigaza chokhota ngati changa.

Nyenyezi yachisanu inatayika pa mphindi ziwiri zotsatira. Chithunzi, kaya cha mthunzi kaya cha timapepala, chimaonetsa fupa ndi chitsulo. Sichionetsa kuti ulusi wa mtsempha umene ukunyamula ululu wako uli pati pakati pa anzake. Chikakufikitsa pakhomo chatha ntchito. Mamilimita otsalawo amayezedwa ndi pakamwa pa wodwala. Ulendo uno anali atakhutira kale ndi sikirini, singano ili pamene mzere unanena, aliyense akumwetulira, ndipo panja panali mzere wa odwala odikira makina omwewo. Anandidzutsa ndili chizungulire, lilime lolemera. "Mukumva pa nsagwada?" Funso lotero limadziyankha lokha. Ndinati eya. Ndinkamvadi pa nsagwada, koma chakumunsi, pa mlomo ndi m'mbali mwa lilime, osati pa nkhama paja. Sanandiuze kuti ndiloze. Ine sindinalimbe mtima kunena kuti tayesaninso, poti munthu ukagona pansi pa akatswiri umafuna kukhala wodwala wabwino, wosavuta. Mlandu umenewo tigawane.

Ululu unatha, ndisaname. Lero ndi mwezi wa 14 ndilibe shoko ngakhale imodzi, ndipo carbamazepine ndinamusiya pang'onopang'ono monga anandilangizira. Koma dzanzi la ulendo uno ndi lalikulu kuposa loyamba, ndipo lagwira malo amene sankandipweteka. Theka la mlomo wam'munsi silimva. Lilime ndimaliluma osadziwa, ndimazindikira ndikalawa magazi. Mnofu wotafunira mbali imeneyo unafooka miyezi iwiri, nsagwada n'kumakhotera kumanja ndikayasamula, koma umenewo unabwerera. Sindinganene motsimikiza kuti akanafunsa modekha dzanzili likanachepa, chifukwa kubayidwa kachiwiri pa mtsempha umene unatenthedwa kale kumasiyanso chipsera chake. Chimene ndikudziwa n'chakuti woyamba uja anathera ola kufuna khomo ndi mphindi 20 kundifunsa, pamene achiwiriwa anathera mphindi 40 pa chithunzi ndi ziwiri pa ine. Mwamwayi dzanzi langa ndi lozizira. Pali lina lowotcha, lopweteka pamalo pomwe sipakumva, lotchedwa anesthesia dolorosa, losowa koma lovuta kuchiza, ndipo ndilo chifukwa chake dokotala wanzeru amasankha kutentha mochepa ngakhale udzabwerenso.

Musatenge nkhani yangayi ngati chiweruzo chakuti C-arm ndi yachikale. Pa benchi yodikirira ndinacheza ndi mayi wina wachikulire amene ululu wake unali wa pamphumi ndi diso. Iye anamuchita ya kabaluni, njira imene madokotala Sean Mullan ndi Terry Lichtor anaifalitsa mu 1983. Singano yonenepako imafika pa kabowo komweko, amalowetsa kachubu kokhala ndi baluni kunsonga, n'kuifufumitsa ndi madzi ooneka pa ekisire kuti ifinye kamfundo kaja mphindi imodzi kapena ziwiri. Wodwala amagona tulo tofa nato, safunsidwa kanthu. Woweruza ndi chithunzi chokha: akayang'ana cham'mbali, baluniyo iyenera kuoneka yamimba ndi kakhosi, ngati babu lamagetsi, kusonyeza kuti yakhala bwino m'phanga la Meckel. Pamenepo ekisire yoona pompopompo ndiyo mwini ntchito. Palinso yothira mankhwala amadzi otchedwa glycerol m'kathumba kaja, imene dokotala Sten Håkanson wa ku Stockholm anailengeza mu 1981, ndipo inapezeka mwangozi. Ankagwiritsa ntchito glycerol ponyamulira fumbi la chitsulo cha tantalum loikira chizindikiro pokonzekera Gamma Knife, makina ochiza ndi cheza osang'amba, kenako n'kuona kuti odwala akuchira asanawaike pa makinawo n'komwe. Imeneyo amathira kaye madzi ooneka pa ekisire kuti aone kukula kwa kathumbako, ndipo ukatha umakhala tsonga mutu utawerama maola awiri kuti mankhwala asatayikire kwina. Ndinamvanso kwa adokotala kuti ma C-arm ena atsopano amatha kuzungulira mutu n'kupanga chithunzi chonga cha CT m'chipinda momwemo, ndiponso kuti ena amalumikiza singano ndi kompyuta yolondolera njira. Zimenezo sindinazilawe, sindingazipatse nyenyezi.

Amene akukonzekera ulendo woyamba, ndipo chigaza chake chilibe vuto lodziwika, asataye masabata akulira ndi ululu podikira CT pamene pali dokotala wozolowera C-arm amene angamuthandize mawa. Afunse kuti dokotalayo amachita kangati ntchito imeneyi pa chaka, funso limene ine ndinachita nalo manyazi koma iwo analiyankha mosakhumudwa. Amene anavutikapo kale ngati ine, kapena singano inakanika kulowa, apemphe kuti pansi pa chigaza pajambulidwe kaye ndi CT, ngakhale kubayako kudzachitikire pa C-arm. Chithunzi chimodzi chimenecho chikanakhalapo ulendo woyamba, tsaya langa silikanada masiku khumi. Ndipo ngati ndi njira yotentha, nenani musanagone kuti mukufuna akudzutseni mokwanira, ndipo mudzaloza ndi chala.

Za pambuyo pake zinali bwino mbali zonse. Ndinatuluka tsiku lomwelo. Anesi anandiuza kuti ndikamva mutu waukulu, kutentha thupi kapena khosi kuuma ndibwerere usiku womwewo, ndiponso kuti tizilonda ta pamlomo tikhoza kutuluka patapita masiku ochepa. Tinatulukadi, tinapola tokha. Anaimba foni tsiku lachitatu kufunsa za diso. Chithunzi cha chigaza changa ndinachipempha, anandiikira pa CD, ndipo mwana wanga anandisindikizira tsamba limene likuonetsa kamtanda kaja. Ndalikhoma pamwamba pa benchi yanga yogwirira ntchito, pafupi ndi sikweya.

Adokotala akuti mtsempha ukhoza kudzukanso, mwina chaka chamawa, mwina zaka zisanu. Mwana wanga anajambula nkhope papepala, ine n'kuthira inki yofiira pa nkhama paja, kachigawo kosaposa chikhadabo. Pepalalo lili m'thumba limodzi ndi CD. M'mawa uno ndameta mbali zonse ziwiri. Kumanja ndimameta ndikuyang'anitsitsa pagalasi, chifukwa lezala likandicheka pamenepo sindimva, ndimangoona kofiira pa thovu.